Musanalipire fizi ya unamwino, funsani kuti pepalalo likamufikitsa pati mwana

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti tilankhule ndi makolo komanso ana amene angolandira kumene zotsatira za MSCE kuno ku Kasungu ndi madera ozungulira. Ndalama za fodya ndi soya zikangolowa m'matumba, mauthenga amayamba kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Akuti sukulu yakutiyakuti ikulemba ophunzira unamwino, malo atsala ochepa, lipirani msanga, mwana akamaliza akagwira ntchito ku UK kapena ku America ngati nurse practitioner. Makolo ena amagulitsa ng'ombe, ena amakatenga katapila. Kufunira mwana zabwino si mlandu. Chomwe chikutiwawa n'chakuti ambiri akulipira asanadziwe kuti pepala lomwe mwanayo adzatuluke nalo ndi la mlingo wanji, pomwe mlingowo ndi umene udzamutsekulire kapena kumutsekera khomo zaka zisanu zikubwerazo.

Tiyambe ndi udindo womwe ukutchulidwa kwambiriwu. Nurse practitioner ndi namwino amene anawonjezera maphunziro mpaka kuloledwa kupima wodwala payekha, kuitanitsa zoyeza za ku labu ndi X-ray, kunena matenda ndi kulemba mankhwala. Maphunziro oyamba a mtunduwu anayambira ku University of Colorado mu 1965. Lero ku America, munthu amayamba wakhala namwino wa digiri wokhala ndi laisensi ya dzikolo, kenako amachita digiri yachiwiri kapena ya udokotala wa unamwino, momwe muli maola osachepera 500 oona odwala pansi pa womuyang'anira. Akatero amalemba mayeso ena a bungwe lopereka ziphaso, n'kutenganso laisensi ya chigawo chomwe akukhala. Ku Australia amafuna digiri yachiwiri pamodzi ndi maola 5,000 a ntchito ya unamwino wapamwamba, zomwe ndi zaka zitatu zogwira tsiku ndi tsiku. Ku UK nako pamafunika digiri yachiwiri ndi kosi yapadera yololeza kulemba mankhwala, ndipo kosiyo salowa munthu amene sanathe chaka ali m'kaundula wa anamwino wa dzikolo. Palibe sukulu, kuno kapena kunja, yomwe ingatenge mwana wa Fomu 4 n'kumutulutsa ali nurse practitioner. Kuwerenga kuyambira pa MSCE, amene zonse zamuyendera bwino angafikeko patatha zaka khumi kapena kuposerapo.

Kwathu kuno ntchito yopima ndi kulemba mankhwala imagwiridwa kwambiri ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, omwe amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, osati ku khonsolo ya anamwino. Ena amaganiza kuti poti clinical officer amachita zofanana ndi nurse practitioner, ndiye kuti njira yachidule yopitira kunja ndi imeneyo. Ayi ndithu. Makhonsolo a anamwino a kunja amalemba anamwino okha, ndipo clinical officer, ngakhale akhale katswiri wochita opaleshoni ya amayi oyembekezera, sangalowe m'kaundula wawo.

Tsono nkhani yagona pa milingo iwiri ya unamwino yomwe tili nayo. Pali Nurse Midwife Technician, amene tonse timangoti NMT, yemwe amaphunzira zaka zitatu n'kulandira dipuloma. Ambiri mwa anamwino omwe mumawapeza pa Kasungu District Hospital, ku St Andrew's ku Mtunthama, ku Nkhamenya ndi m'zipatala zazing'ono za kumidzi ndi a mlingo umenewu, ndipo ndi amene anyamula zaumoyo m'dziko muno. Makoleji a mishoni omwe ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission ndi Trinity ku Nsanje, akhala akuphunzitsa ma NMT kwa zaka zambiri. Ndiye pali Registered Nurse Midwife, amene kawirikawiri amachita digiri ya zaka zinayi, monga ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ku Mzuzu University ndi ku Daeyang ku Lilongwe. Masiku ano sukulu imodzi ikhoza kukhala ndi mapulogalamu a milingo yonse iwiri, choncho dzina la sukulu lokha silikuuzani kanthu. Funsani dzina la pulogalamu, ndipo funsani kuti womaliza adzalembedwa m'kaundula uti ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Alimi a fodya akudziwa kuti pa okushoni ku Chinkhoma belo amaligula potengera giredi, osati thukuta lomwe mwini wake anakhetsa kumunda. Makhonsolo a kunja amachitanso chimodzimodzi. Iwo amafuna namwino wa mlingo woyamba, kutanthauza registered nurse. NMT amamuika pa mlingo wachiwiri, ngakhale atabereketsa amayi mazanamazana usiku ndi tochi ya pafoni. Ndi zowawa, koma ndi mmene zilili, ndipo ndi bwino mwana azidziwe asanayambe, osati atatha zaka zitatu.

Sitikunena kuti NMT ndi njira yoipa. Kwa mwana amene mapointi sanamulole kulowa digiri, kapena banja lomwe silingakwanitse zaka zinayi, ndi poyambira pabwino, ndipo ambiri mwa anamwino aluso kwambiri m'wodi anayambira pomwepo. Kungoti awerengeretu kuti pambuyo pa dipuloma adzayenera kugwira kaye ntchito, kenako n'kubwereranso kusukulu zaka zina ziwiri kapena kuposerapo kuti akwere mlingo. Amene ali ndi ma credit asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, Masamu ndi maphunziro a sayansi, ayesetse kulimbira digiri kudzera ku National Council for Higher Education (NCHE), ndipo akapeza malo apemphe ngongole ku bungwe lobwereketsa ndalama ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Amene Masamu kapena sayansi zinamuvuta, ife tikuona kuti kubwereza MSCE chaka chimodzi n'kotchipa kusiyana ndi kulowa kosi yomwe sangapite nayo patali.

Chinanso chosokoneza ndi makosi a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi a zosamalira odwala ndi okalamba. Ophunzira amavala yunifolomu yoyera, amajambulitsa atakoleka chopimira mtima m'khosi, kumudzi anthu n'kumati mwana wa uje ndi nesi. Umenewo si unamwino, ndipo Khonsolo ya anamwino singamupatse laisensi ya namwino.

Mukafuna kudziwa ngati sukulu ili yoona, musadalire kapepala kake kotsatsa malonda. Zivomerezo zofunika ndi ziwiri: cha NCHE ndi cha Nurses and Midwives Council, ndipo zonse zikhale za pulogalamu yeniyeniyo imene mwana akulowa. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka kuphunzitsa za bizinesi kapena zaumoyo wa m'madera koma isanaloledwe kuphunzitsa unamwino. Mawu akuti “chivomerezo chili m'njira” akuchenjezeni. Ma ofesi a mabungwe awiriwa ali ku Lilongwe, ulendo wa basi wopita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo ndalama ya basiyo ndi yochepa poyerekeza ndi fizi ya teremu imodzi. Mwana akayamba sukulu, aonetsetse kuti dzina lake latumizidwa ku Khonsolo m'chaka choyamba chomwecho, zomwe amati indexing. Wophunzira amene sanalembedwe motere amadzavutika nthawi yolemba mayeso a laisensi, ndipo popanda laisensi dipuloma kapena digiriyo singamulowetse m'wodi iliyonse.

Kenako pitani mukaone ndi maso. Pemphani kuti akuonetseni chipinda chophunzirira luso la manja. Muyenera kupezamo zidole zazikulu ngati munthu zophunzirirapo kubaya jakisoni, kuika diripi ndi kulowetsa kapaipi ka mkodzo, chidole cha chiuno cha mayi ndi khanda lake chophunzirira kubereketsa, komanso kachikwama kopopera mpweya khanda lobanika. Ngati zidazo zili m'mapulasitiki osatsekula, kapena chidole n'chimodzi pa ophunzira 80, dziwani kuti mwana wanu akaphunzirira pa odwala enieni zinthu zomwe anayenera kuyamba wazizolowera pa chidole. Funsani kuti ophunzira amapita zipatala ziti kukaphunzira za m'wodi, amakhala angati m'wodi imodzi, ndipo mphunzitsi amawatsatira kangati pa sabata. Ophunzira akachuluka m'chipinda chochilira amayi, amalimbirana mayi mmodzi, ena n'kumaliza osakwanitsa chiwerengero cha amayi ofunika kubereketsa, ndipo apa ndi pomwe pamayambira mchitidwe woipa wosainitsa buku la ntchito zomwe munthu sanagwire. Funsaninso kuti thiransipoti ndi malo ogona pa nthawi imeneyi amalipira ndani, chifukwa ndalama zimenezi sizilembedwa pa kapepala ka fizi koma zimafinya makolo chaka chilichonse. Pomaliza pemphani zotsatira za mayeso a Khonsolo za zaka zitatu zapitazi: analemba angati, anakhoza ulendo woyamba angati. Sukulu yabwino sibisa zimenezi.

Pali chinthu china chomwe ambiri sachilabadira mpaka tsiku lomwe chidzawatsekereze, ndicho transcript, chikalata chosonyeza phunziro lililonse ndi maola ake. Ku America, bungwe la TruMerit (kale CGFNS) lomwe limaunika mapepala a anamwino ochokera kunja limafuna kuona maola a m'kalasi ndi a m'wodi, olembedwa padera, m'magawo a odwala akuluakulu, amayi ndi makanda, ana, komanso matenda a maganizo. Ku Ireland nakonso amawerenga maola. Gawo lomwe limaperewera kawirikawiri ndi la matenda a maganizo, poti malo ophunzirira ngati Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ochepa ndipo ali kutali. Sukulu yomwe imangophunzitsa gawoli pa bolodi osatumiza ophunzira kuwodi yasiya dzenje lomwe lidzaonekere patsogolo. Chikalatachi chimayenera kuchoka kusukulu kupita ku bungwe la kunjalo mwachindunji, osadzera m'manja mwa mwini wake. Choncho sukulu yomwe ingadzatsekedwe, kapena yosasunga bwino mafayilo, idzakusowetsani mtengo wogwira.

Dzina nalonso lisamaliridwe. Likhale lofanana chilembo ndi chilembo pa satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, digiri, laisensi ndi pasipoti. Tsiku lobadwa chimodzimodzi. Amene anasintha dzina atakwatiwa asunge mtchatho kapena chikalata cha ukwati chovomerezeka. Chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kuimitsa fayilo miyezi ingapo.

Tsopano za ulendo wa kunjawo, ndipo titenge UK poti ndi komwe ambiri amalozako. Khomo lake ndi Nursing and Midwifery Council, khonsolo ya anamwino ya dzikolo. Kumeneko unamwino ndi uzamba ndi makaundula awiri osiyana, ndiye ngakhale kuno tili ndi zonse ziwiri pa pepala limodzi, polembetsa munthu amasankha mbali. Choyamba ndi Chingerezi. Pa mayeso a IELTS Academic amafuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET, omwe mafunso ake ndi a zachipatala, amafuna B pa zitatu zija ndi C+ pa kulemba. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Anamwino athu ambiri amagwa pa kulemba ndi pa kumva, osati chifukwa sadziwa Chingerezi, koma chifukwa tinazolowera kulemba mwachidule m'mafayilo a odwala, ndiponso makutu athu sanazolowere kalankhulidwe kothamanga ka azungu a kumeneko. Musalipire mayesowa musanayeserere miyezi ingapo ndi wotchi pambali.

Chachiwiri ndi mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, olembedwa pa malo ovomerezeka a kampani ya Pearson VUE. Ali ndi mafunso 15 a masamu a mankhwala ndi mafunso 100 a ntchito ya unamwino. Masamuwo ndi omwe timachita m'wodi tsiku lililonse: diripi ya 500 ml yoti ithe m'maola 4, pa chingwe chotulutsa madontho 20 pa ml imodzi, ndiye kuti madontho 10,000 kugawa ndi mphindi 240, zomwe zikupereka madontho 42 pa mphindi. Amene anazolowera kungoyang'ana diripi n'kuyerekeza ndi maso amalephera pomwepa.

Chachitatu ndi OSCE, mayeso a manja omwe amachitikira ku UK komweko. Ali ndi masiteshoni khumi. Anayi amatsata wodwala mmodzi kuyambira kumupima, kukonza dongosolo la chisamaliro, kupereka mankhwala mpaka kuunika ngati zathandiza. Anayi ena ndi a luso la manja, ndipo awiri otsalawo ndi a khalidwe la pantchito ndi kugwiritsa ntchito umboni wa kafukufuku. Chodabwitsa n'chakuti amene amalephera kawirikawiri ndi anamwino odziwa ntchito. Amagwa pa zinthu zomwe kuchuluka kwa odwala kuno kunatizoloweretsa kudumpha: kusamba m'manja musanakhudze wodwala ndi mukamaliza, kumufunsa dzina ndi tsiku lobadwa n'kufananiza ndi kachibangili ka pamkono, kufunsa ngati pali mankhwala omwe amamuwenga, kuwerenga tsiku lothera mphamvu pa botolo, kupempha chilolezo musanamugwire, ndi kusaina tchati mukatha kupereka mankhwala osati musanapereke. Woyesa amangolemba zomwe waona ndi kumva, choncho chilichonse muyenera kuchichita poyera n'kumachinena. Mwayi ndi maulendo atatu. Mukalephera onse, mumadikira miyezi isanu ndi umodzi, pomwe viza yanu yamangiriridwa pa ntchito yomwe ikufuna kuti mukhale mutalembetsedwa.

Mu 2024 ndalama za khonsoloyi zinali mapaundi 140 younikira mapepala, 83 ya CBT, 794 ya OSCE ndi 153 yolowera m'kaundula, zonse pamodzi mapaundi 1,170. Apa sitinawerengere mayeso a Chingerezi, pasipoti, kuyezetsa TB, kalata ya kupolisi ndi ndege, komanso mavuto opeza ndalama zakunja m'mabanki athu. Zipatala zambiri za boma la UK zimalipirira OSCE ndi ndege, koma zimaika m'kontirakiti kuti mukachoka msanga mudzabweze. Werengani ndime imeneyo musanasaine, muone kuti ndi ndalama zingati ndipo zikuchepa bwanji chaka ndi chaka. Mudziwenso kuti mukafika mumayamba ngati wothandizira pa malipiro otsika, ndipo mukakhoza OSCE mumayambira pa giredi ya malipiro ya Band 5, poyambira namwino aliyense, ngakhale kuno munali sisitala woyang'anira wodi. Ma nurse practitioner amakhala pa Band 7 kapena 8a. Lendi ya chipinda, msonkho ndi magetsi otenthetsera m'nyumba zimadya gawo lalikulu la malipiro, zomwe achibale otsala kumudzi ayenera kuuzidwa poyera asanayambe kuwerengera malata.

Mfundo iyi ndiye tikupempha kuti aliyense aimvetse. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa mayiko 55 omwe bungwe la World Health Organization linatchula mu 2023 kuti ali ndi kuchepa kwakukulu kwa ogwira ntchito zaumoyo. Potsatira mndandandawu, malamulo a UK saloleza zipatala kapena ma ejenti awo kubwera kudzakopa anamwino kuno. Chololedwa n'chakuti namwino payekha apemphe ntchito mwachindunji kwa olemba ntchito, poyankha malonda a ntchito omwe aikidwa poyera. Komanso lamulo la dzikolo limaletsa ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Ndiye dobadoba amene akukuuzani kuti ali ndi malo makumi awiri ku chipatala cha ku Manchester, mungotumiza mamiliyoni angapo pa foni kuti akusungireni Certificate of Sponsorship, chikalata chopemphera viza ya ntchito, akuphwanya malamulo kapena akunama, ndipo kawirikawiri ndi zonse ziwiri. Chikalata chimenecho amapereka ndi wolemba ntchito, ndipo boma la UK limaika pa intaneti mndandanda wa olemba ntchito onse ololedwa kuchipereka. Dzina likasowa pamenepo, musatumize ngakhale tambala.

Njira ina yomwe madobadoba ankagulitsa kwambiri, yopita ngati wosamalira okalamba, inatsekedwa. Kuyambira mu Malichi 2024 opita pa viza imeneyi analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 Julaye 2025 UK inasiya kulandira ofunsira atsopano ochokera kunja pa ntchitoyi. Amene akukulonjezani viza yoteroyo lero akukugulitsani chinthu chomwe kulibe.

Za ku America tingonena mwachidule. Mayeso ake ndi NCLEX-RN, a mafunso pakati pa 85 ndi 150 m'maola asanu, ndipo amodzi mwa malo olembera kuno ku Africa ali ku Johannesburg. Pamafunikanso chikalata cha VisaScreen chotsimikizira mapepala anu ndi wolemba ntchito wokupempherani viza, ndipo kudikira kwake kumatha zaka. Malamulo olowera m'dzikolo akhwimanso kwa Amalawi: mu Ogasiti 2025, ofuna viza yokacheza anayamba kuuzidwa kupereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000. Viza yokachezayo silola kugwira ntchito, ndipo amene angakulangizeni kuti mulowere pamenepo n'kukasintha muli komweko akukuikani m'mavuto.

Pa mayiko onsewa, khonsolo ya kunja imafunsa Khonsolo yathu ngati muli ndi mbiri yabwino. Choncho laisensi izikonzedwanso chaka chilichonse, maphunziro owonjezera a pantchito azilembedwa, ndipo amene anaphunzira pa thandizo la boma kapena la mishoni n'kusaina bondi aimalize. Zaka ziwiri kapena zitatu za m'wodi kuno si nthawi yotayika. Olemba ntchito kunja amafuna luso la posachedwa, ndipo womaliza sukulu amene wakhala pakhomo chaka chathunthu akudikira kulembedwa ntchito ndi bwino apeze poti azigwirako, kaya mongodzipereka kaya mwa ganyu ya locum, kuti manja asaiwale ndiponso apeze womulembera kalata ya umboni. Amene akufuna unamwino wapamwamba aganizirenso digiri yachiwiri ya ku KUHeS, monga ya uzamba kapena ya unamwino wa ana, yomwe imakweza munthu konkuno.

Ife sitidzudzula namwino wopita kunja. Dziko linayesapo kuwagwira ndi ndalama, pomwe pulogalamu yapadera yomwe inayamba mu 2004 inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo, koma lero tili ndi anamwino ophunzira bwino omwe ali pakhomo pomwe wodi ya ana ili ndi namwino mmodzi usiku wonse. Ngati boma silingathe kuwalemba onse, likambirane ndi mayiko enawo mgwirizano wa boma ndi boma, monga inachitira Kenya ndi UK mu 2021, kuti opitawo apite motetezedwa ndipo dziko lipezepo kanthu kophunzitsira ena.

Pempho lathu kwa Nurses and Midwives Council ndi NCHE ndi lakuti mndandanda wa mapulogalamu ovomerezeka, wosonyeza mlingo wa pulogalamu iliyonse, uzisindikizidwa m'nyuzipepala ndi kuwerengedwa pa wailesi m'Chichewa zotsatira za MSCE zikangotuluka. Uzitumizidwanso kwa aphunzitsi aakulu a sekondale zonse, kuyambira Chayamba mpaka ma CDSS a ku Santhe, Chulu ndi Kaluluma, kuti aumate pa bolodi pomwe ana amadzaonera zotsatira zawo.

Ndife anu,
Anamwino opuma pantchito,
Kasungu